Munthu Yekhayo Amene Amanditchula Kuti Iwe

Aphungu,

Ndiyambe ndi kupepesa, kalata yangayi ndi yaitali. Ndine mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, ndipo anthu a mtundu wathu tikapatsidwa mpata wolankhula sitimva belu. Koma muiwerenge mpaka kumapeto. Chimodzi chokha ndikulonjezeni: simupezamo cholakwika cha kalembedwe, ngakhale mutaiyang'ana ndi magalasi awiri.

Chaka chino ndakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri. Ndinagwira choko zaka makumi anayi kupatula ziwiri, ndipo sindichita manyazi kunena kuti ntchitoyo ndinaigwira bwino. Mumsewu wathu uno simungayende mapazi makumi awiri osakumana ndi munthu amene anadutsa m'manja mwanga. Wometa tsitsi ndi wanga, namwino wa pachipatala chaching'ono ndi wanga, ngakhale dalaivala wa basi imene imatembenukira pamphambano yathu ndinamukokapo makutu chifukwa cha masamu. Onsewa akandiona amavula chipewa, wosuta amabisa ndudu kumbuyo, ndipo moni wake ndi umodzi: "Mwadzuka bwanji, Ahedi?" Dzina langa lenileni ndi ochepa amene akulikumbukira. Zimenezi ndimazinyadira, sindinama.

Koma ndikalowa m'nyumba n'kutseka chitseko, mumangomveka wotchi ya pakhoma. Mayi a kunyumba anandisiya zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Mipando iwiri ikadali pawindo monga ankaiikira iwo, ndipo ine ndimakhala pa wakumanja. Ana anga atatu ali kutali ndi ntchito zawo. Amaimba foni Lamulungu lililonse, mwaulemu wonse: "Mwadya, Adadi? Mankhwala mwamwa?" Tsiku lina ndili pampandopo ndinazindikira chinthu chimene chinandiwawa mpaka m'mafupa. Padziko lonse lapansi panalibenso munthu wonditchula kuti iwe. Malemu mayi a kunyumba ankanditchula inu kuyambira tsiku la ukwati mpaka pabedi la kuchipatala. Womaliza kundinena iwe anali achemwali anga aakulu, amene ankandisambitsa ndili mwana, ndipo iwowo tinawaika kalekale. Ulemu ndi wokoma, Aphungu, koma sungacheze nawo. Ndinali wosungulumwa koopsa, ndipo panalibe woti ndimuuze.

Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo ndinapeza envulopu yachilendo m'bokosi langa ku positi. Nambala ya bokosi inali yanga ndithu, koma dzina linali la munthu wina, amene anali ndi bokosilo ine ndisanalitenge. Tsiku limenelo magalasi ndinali nditawaiwala kunyumba, n'chifukwa chake ndinaing'amba envulopuyo. Musandiyese wosuzumira za eni. Nditafika kunyumba n'kuvala magalasi, mizere yoyamba inali iyi: "Iwe chitsiru iwe, wangoti zii ngati unafa. Kodi ukalamba unakudula zala? Ndakulembera Roremba, uyankhe msanga."

Anali munthu wa m'tauni ina yakutali, akulembera mnzake amene anakulira limodzi. Ndikanangoibweza mmene inalili. Koma masamba awiri okha, zolakwika makumi atatu ndi ziwiri! Dzanja langa linapita lokha m'thumba la malaya. Ndinaichonga yonse ndi inki yofiira, pansi n'kulemba 4/10, n'kuwonjezera kakalata kaulemu: "Bambo, amene mukuwafunawo pabokosi lino palibe. Komanso Lolemba sililembedwa ndi R."

Patatha masabata atatu yankho linabwera. "Iwe Inki Yofiira, anakupempha ndani kuti undichonge? Ndafufuza, mnzangayo akuti anamwalira chaka chatha ndipo palibe anandiuza. Ndiye poti watsegula kalata yake, ulowe m'malo mwake iweyo. Chonga iyinso, tione ngati uli ndi inki yokwanira." Pansi anasaina kuti Msomali, ati chifukwa ndinamumenya pamutu kokwanira.

Ndinapsa mtima. Ine, kunditchula iwe? Ndinaiponya patebulo, ndinakathirira maluwa, ndinabwerako n'kuiwerenganso. Kachitatu ndinangodzimva ndikuseka chikhakhali, ndekhandekha, m'nyumba imene munali musanamveke chiseko chiyambire maliro. Tsiku lomwelo ndinamuyankha, ndipo nanenso ndinayamba ndi "Iwe Msomali". Mawu amenewo ndinawalemba mozemba ngati mwana wakuba shuga.

Kuyambira pamenepo sitinadumphitsepo mwezi. Tinagwirizana malamulo atatu: osatchula dzina, osatchula ntchito, osatumizirana chithunzi. Za ntchito yanga anangodzionera yekha. Anati, "Ndiwe mphunzitsi basi, palibe munthu wabwinobwino angachonge kalata ya mwini." Koma aphunzitsi ndi ambiri ngati mchenga, ndiye sindinade nkhawa. Ine ndinkamuyesa kalipentala chifukwa cha dzina lakelo, ndipo sindinafunse. Ndimalemba Lachinayi m'mawa, patebulo la pawindo, nditasamba ndi kupesa ngati ndikuyembekezera alendo. Kenako ndimayenda pansi mpaka ku positi. Mayi wogulitsa sitampa, nayenso mwana wanga wasukulu, amamwetulira mobisa akandiona, ndipo ndikudziwa kuti mumtima amati Ahedi apeza chibwenzi muukalamba. Ndimamusiya aganize choncho.

Munthu ameneyu ndamuuza zimene sindinauzepo ngakhale abusa. Ndinamuuza kuti diresi lobiriwira la mayi a kunyumba likadali mu wadiropu, ndipo kuti masiku ena ndimatsegula wadiropuyo popanda chimene ndikufunamo. Ana anga akanamva zimenezi akanabwera ndi katoni. Iye anangoti, "Lisiye likhale. Kulira si sukulu, kulibe belu lowerukira." Nayenso mkazi wake anamwalira. Zaka zitatu zapitazo anasamukira m'tauni yathu ino, kwa mwana wake wamwamuna, kumene anamupatsa kachipinda ka kuseri. Amandilembera za mpongozi wake amene amamuikira chakudya pakhomo la kachipindako osagogoda, ndi za wailesi yake imene amaiyankha ikamalankhula. Nthawi ina analemba kuti, "Kusungulumwa si kusowa anthu, Inki. Kuno tilipo asanu ndi awiri, koma ndikatsokomola palibe amafunsa." Nditamva kuti tili m'tauni imodzi ndinamufunsa ngati tingaonane. Anakana. Anati, "Tikaonana tiyamba kupatsana mipando ndi kufunsana za kunyumba, ubwenzi n'kuthera pomwepo. Khala komweko."

Ndipo ndinene monyadira kuti mwa ana onse amene ndinawaphunzitsa, palibe anakwera ngati iyeyu. Anayamba ndi 4, lero satsika pa 9. Amalemba zinthu zimene ine ndi mabuku anga onse sindingazilembe. Cholakwika chatsala chimodzi chokha, R uja. Roremba, Rachiwiri, Rachisanu. Ndinalimbana naye zaka ziwiri mpaka anandiuza kuti, "R ameneyo ndi wanga, ndinabadwa naye, ukamukhudzanso tidana." R wakeyo ndimamudziwa ngati nkhope ya mwana wanga. Ali ndi mwendo wautali wotambasuka, ngati wa munthu amene akuponya theche.

Tsopano mvetserani pamene pagona nkhani. Pamphambano yathu pali sitolo ya zitsulo ndi penti, ndipo pakhonde pake pamakhala mkulu wina wosoka nsapato. Ali ndi kampando ka miyendo itatu, chitini cha misomali, zidutswa za mphira, ndi magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Anayamba kukhala pamenepo zaka zitatu zapitazo. M'mawa uliwonse ndikamadutsa amadzuka, chipewa m'manja: "Mwadzuka bwanji, Ahedi?" Ine ndimangokweza nyuzipepala, "Zikomo bambo," osaima n'komwe. Ndikapita ndi nsapato ndimaipereka ndili chiimire. Tsiku lina anadontheza guluu pamwamba pa nsapato yanga yakuda, ndipo ndinamukalipira pamaso pa anthu. Ndinati, "Ntchito yanji imeneyi? Imeneyi ndi 3 pa 10!" Iye anangowerama n'kunena kuti, "Pepani abwana, maso atha."

Mwezi watha ndinapita kukatenga nsapato zimene anandiikira chidendene chatsopano. Masiku onse amangodziwa ndi maso kuti iyi ndi ya uje, koma tsikulo zinali zambiri, ndiye anali atamata kapepala kunsi kwa nsapato iliyonse kosonyeza mwini wake ndi tsiku lotengera. Nditatembenuza yanga ndinawerenga: "Ahedi, Rachisanu." R wa theche uja, Aphungu. Mutu unaima. Pomwepo fungo la guluu linandilowa m'mphuno, fungo lomwelo limene ndakhala ndikulimva m'makalata aja zaka zonsezi n'kumaliyesa la envulopu. Sindikukumbuka ngati ndinatsanzika. Kunyumba ndinayala makalata patebulo lonse, kapepala kaja pakati, n'kumafanizira chilembo ndi chilembo. Ndagwira ana okopera mayeso moyo wanga wonse, dzanja la munthu silindisokoneza. Msomali ndi wosoka nsapato uja.

Ndinayesa kumuyandikira. Lolemba lotsatira ndinaima pakhondepo wopanda nsapato yosoketsa, n'kuyambitsa nkhani ya mvula. Munthuyo anadzuka msangamsanga n'kupukuta kampando kake ndi chipewa. "Khalani apa abwana, ife tinazolowera kuima." Ndinakhala mphindi zisanu ngati woweruza milandu, iye ali chiimire, manja kumbuyo, akungoyankha "Inde, Ahedi" pa chilichonse. Podzuka bondo langa lotsimphinitsa, limene ndinamudandaulirapo kale m'makalata, linandivuta mpaka ndinagwira khoma. Ndinabwerera kunyumba mtima utasweka. Sabata yomweyo kalata inafika: "Iwe Inki, bondo lakolo likuti bwanji? Usamadziyese mnyamata, gula ndodo, matama sachiza nyamakazi." Ndinaiwerenga kawiri, koma ulendo uno sindinaseke.

Ndikanatha kungokhala chete, koma pali mwana wanga woyamba, wamkazi. Iyeyu amapanga mafilimu, ndipo amawapanga bwino. Mutu anatengera kwa ine, mtima kwa amayi ake. Atabwera kudzandiona miyezi iwiri yapitayo, ndisanadziwe zonsezi, anapeza makalatawa patebulo. Ndivomere, ndinawasiya dala pamenepo. Anawerenga tsiku lonse, apa akuseka, apa akupukuta misozi, kenako anati, "Adadi, iyi ndi filimu. Nkhalamba ziwiri zosadziwana zikuchiritsana ndi sitampa." Sabata yonse ndinayenda chifuwa chili patsogolo. Sewerolo walemba kale, ndipo anthu ochita nawo wawapeza. Koma akuti, "Theka la mawuwa ndi la a Msomali. Sindijambula kanthu ndisanawaone n'kuwapempha pamaso. Muwalembere, mwezi uno usanathe ndimve yankho." Iye sakudziwa kuti a Msomali akewo amawadutsa akabwera kuno, ndipo kuti anamusokerapo lamba wa chikwama.

Apa ndiye ndagwira njakata. Filimu ndikuifuna, sindibisa. Ndikufuna anthu aone kuti kalata si chinthu chakufa, ndiponso amve mmene mnzangayu amalankhulira. Koma ndikangomuuza kuti Inki Yofiira ndi Ahedi, ndikudziwa chimene chidzachitike. Kalata yotsatira idzayamba ndi "Olemekezeka Ahedi, ndatenga cholembera changa mwaulemu," ndipo ine ndidzakhala nditataya munthu womaliza wonditchula iwe, akadali moyo.

Ndaganizirapo njira ina, mundiuze ngati ili bwino. Mwina ndingamuuze, n'kugwirizana kuti m'makalata tizipitiriza iwe wathu, koma pamsewu zizikhala monga kale. Mukudziwa, pamphambano paja pamadzaza ana anga asukulu akale, ndipo sizingaoneke bwino. Komanso ndingamupemphe mwana wanga kuti mufilimumo Msomali akhale kalaliki wopuma pantchito, kuti timuteteze mnzangayu ku maso a anthu.

Ndimuuze kapena ndikhale chete? Filimuyi ndiikane? Ndalangiza anthu moyo wanga wonse, koma mutu umodzi susenza denga. Ndithandizeni.

W.L.C., m'tauni muno

Yankho la Aphungu

Ahedi,

Ndaiwerenga yonse, ndipo ndinavala magalasi awiri monga munanenera. Kalembedwe mwakhoza, 10 pa 10, musadandaule. Koma cholakwika ndachipeza, chachikulu ndithu, ndipo chili m'ndime yachiwiri kuchokera kumapeto. Tifikako. Khalani pansi kaye, lero choko chili m'manja mwanga.

Ndiyambe ndi kukuyamikirani. Makalata ambiri amene amafika padesiki panga ndi a anthu amene ubwenzi wawo unatha chifukwa cha uthenga wa mizere iwiri pafoni. Inu mwasunga munthu zaka zisanu ndi chimodzi ndi pepala lokha. Wina akanang'amba yankho lachipongwe lija, inu munaseka n'kuyankha. Mnzanuyo naye, atamva kuti mnzake wa paubwana anamwalira, sanadzitsekere m'chipinda, anagwira dzanja la mlendo amene anamupatsa 4. Nonse awiri ndakunyadirani. Mwana wanu sanalakwitse, nkhaniyi ndi yoyenera kuti anthu aionere.

Tsopano funso lanu. Mumuuze. Osati chifukwa cha filimu, koma chifukwa kuyambira Lachisanu lija zinthu zinasintha. Kale nonse munali osadziwana mofanana, ndipo chinali chilungamo. Lero inu mukuwerenga za mpongozi wake ndi kachipinda kake ka kuseri mukudziwa nkhope yake, iye akukuvulirani chipewa m'mawa. Kumeneko ndi kusuzumira pawindo la mnzanu. Mukachedwa, iye n'kudzazindikira yekha kuti munkadziwa, sadzakwiya chifukwa ndinu Ahedi. Adzakwiya chifukwa munkamuonerera.

Komatu ndikuuzeni chimene ndikuganiza, ngakhale umboni ndilibe. Mukudziyesa wapolisi wamkulu chifukwa cha R mmodzi. Nanga iyeyo mukumuyesa wogona? Munthu wakhala akulandira malikisi mwezi ndi mwezi, kenako tsiku lina mkulu wina akumukalipira pakhonde kuti "3 pa 10". M'tauni mwanumo alipo angati amene amachonga nsapato? Munamulembera za bondo lanu, ndipo m'mawa uliwonse amakuonani mukutsimphina, chidendene chanu chotha mbali imodzi chili m'manja mwake. Wosoka nsapato amawerenga anthu kunsi kwa mapazi monga inu mumawawerengera papepala. Ndipo uphungu wogula ndodo unabwera sabata iti? Sabata yomwe munagwira khoma pamaso pake. N'kutheka ndithu kuti Msomali anakudziwani kalekale, ndipo akusunga chinsinsi chomwecho ndi mantha omwewo. Ngati zili choncho, ndinu nkhalamba ziwiri zobisalirana kuseri kwa mtengo umodzi. Mbewa yamanyazi inafera kuuna, Ahedi, ndiye wina ayenera kutulutsa mutu. Mutulutse inu.

Chitani chonchi. Musapite kukamuuza pakhonde. Pamenepo ndi pantchito pake, pali makasitomala, ndipo miyendo yake idzadzuka yokha musanamalize chiganizo. Ubwenzi wanu unabadwira papepala, ndiye nkhani yaikulu chonchi ipite papepala, aiwerenge yekha m'kachipinda kake wopanda womuima pamutu. Muyambe monga mwa masiku onse, "Iwe Msomali". Mukangolemba inu kamodzi kokha, inuyo ndi amene mwatseka chitseko. Munene mosazungulira: ndakudziwa, ndine uja ndimadutsa ndi nyuzipepala, ndipo ndikuopa kukutaya. Mawu akuti ndikuopa muwalembe ndithu, sakuchotserani zaka za ntchito. Mupepese za guluu uja, ndi za zaka zitatu zomuyankha moni mukuyenda. Kupepesako kukhale kwa mizere iwiri, osati nkhani ya pa asembule.

Mukatumiza, dikirani. Njira musasinthe. Muzidutsa pomwepo, muziima, muzipereka moni ngati munthu. Yankho likachedwa musatumize ina yofunsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akayankha, ndiye mupite pakhondepo, ndipo akakupukutirani kampando mukane. Pali sitepe ya sitolo, kapena chitini cha penti chopanda kanthu. Khalani pamenepo, bondo lidandaule lokha. Munthu amene wakhala pansi kukuposa n'kovuta kumuimirira manja ali kumbuyo, ndiye adzakhala.

Za filimu musazitchule m'kalata imeneyi, ngakhale mzere umodzi. Mukaphatikiza, adzaganiza kuti mwamukumbukira chifukwa kamera ikumufuna. Mwana wanu muuzeni zoona zake zonse, ndipo mumuuze kuti mwezi wakewo adikire nawo kaye. Ndi mwana wanzeru, iye ndiye anayamba kunena za chilolezo, amvetsa. Nthawi ikakwana, muyambe inu kuvomera kwa mnzanuyo kuti makalata ake munawasiya dala patebulo, chifukwa chimenecho munachita musanamupemphe. Kenako afunsidwe payekha, ndipo akhale ndi ufulu wokana. Kumbukirani kuti inu muli m'nyumba yanu, iye ali kuseri kwa nyumba ya mwana wake. Zimene analemba za mpongozi zikaonetsedwa pagulu, inu adzakuomberani m'manja, iye adzasowa pogona. Akati izi chotsani, zichotsedwe. Akati filimu ayi, filimuyo ife. Mwana wanu adzapeza nkhani ina, ntchito yake ndi imeneyo, koma inu Msomali wina simudzamupeza.

Tsopano cholakwika chija. Mwalemba masamba onsewa kundiuza kuti mukuopa kuti mnzanu adzasiya kukutchulani iwe. Kenako, m'ndime imodzi yokha, mwaulula kuti mukuopanso kuti adzapitiriza. Mukufuna iwe wa mu envulopu, womata bwinobwino, woti wometa tsitsi ndi dalaivala asamve. Ndipo za kalaliki zija mukuti n'kumuteteza? Mukuteteza ndani, Ahedi? Munthuyo sachita manyazi ndi singano yake, amakhala nayo pakhonde dzuwa likuswa mtengo. Iye mwini atapempha kuti abisidwe, imeneyo ndi nkhani ina. Koma inu musamuvule ntchito yake kuti akwanire kukhala mnzanu. Amene anakuuzani kuti diresi mulisiye likhale ndi wosoka nsapato, ndipo ngati pali chonyadira m'nkhani yonseyi, n'chimenecho. Walira mvula walira matope. Ngati iwe mukumufuna, mumulandire ndi pamsewu pomwe.

Ulemu umene munaupeza ndi choko sungasungunuke chifukwa nkhalamba imodzi yakusekani pakhonde. Ana anu asukuluwo ndi akuluakulu tsopano, ena ali ndi imvi, ena akudziwa kale kuwawa kwa nyumba yopanda wolankhula naye. Tsiku loyamba adzadabwa, lachiwiri adzanong'onezana, lachitatu adzakhala atazolowera. Amene adzaleke kukuvulirani chipewa chifukwa cha zimenezi, ndiye kuti ankavulira jekete.

Sindikukulonjezani kuti zidzayenda bwino. N'kutheka kuti lilime lake lidzakana, kuti pamaso panu mawu akuti inu azidzatuluka okha kwa miyezi ingapo. Musamukakamize. Ulemu wokakamiza ndi woipa, koma chipongwe chokakamiza n'choipa koposa. N'kuthekanso kuti adzakwiya, makalata n'kuima kaye. Zikatero mudzapirire, muzilembabe mwezi uliwonse, chifukwa munthu amene analowetsa mlendo m'malo mwa mnzake womwalira si munthu wotaya anthu msanga.

Chenjezo langa ndi ili, ndipo mulisunge. Lidzafika tsiku, mwina Loweruka m'mawa pamphambano patadzaza anthu, inu mukudutsa mutavala bwino, pamene mawu adzachokere pakhonde paja mokweza: "Iwe, tabwera kuno!" Adzakhala atasonkhanitsa mphamvu zake zonse kuti anene zimenezo, ndipo adzangoyesa kamodzi. Anthu onse adzatembenuka kuti aone amene akuitanidwa. Inunso mudzatembenuke, Ahedi, ndipo mudzapite. Mukadzapitirira ngati simunamve, musadzavutikenso n'kupita ku positi. M'bokosi lanu simudzakhala kanthu.